Abakha anga akupinimbira: kodi vuto ndi mapuloteni?

Mayi wina wa ku Nkhotakota walemba kuti: "Ndili ndi ana a abakha 28, abakha achikuda omwewa ofiira kumaso. Akwanitsa masabata asanu koma sakukula bwino. Ena ndi aakulu, ena ngati aswa dzana, ndipo nthenga zikuchedwa kumera. Ndimawapatsa madeya onyowetsa, mkute ndi masamba. Mnzanga wina amadyetsa ake chakudya cha nkhuku za broiler kuyambira tsiku loswa mpaka kugulitsa. Ake ndi onenepa, koma ena mapiko anapindikira kunja. Iye akuti anga akusowa mapuloteni. Kodi ndi zoona? Ndigule chakudya chimenechi ngakhale chili chodula?"

Zikomo mayi chifukwa cha funso lanu, ndipo mtima ukhale m'malo. Abakha a masabata asanu sanataike. Mwa ziweto za nthenga zimene ndagwira nazo ntchito, bakha ndiye sachedwa kubwerera akapinimbira chifukwa cha kadyedwe. Mukakonza chakudya lero, pakatha masabata awiri kusintha mudzakuona ndi maso. Mnzanuyo wanena zoona pa mbali imodzi: madeya ndi mkute sizikukwanira. Koma njira yakeyo, yodyetsa chakudya champhamvu kuyambira tsiku loswa mpaka tsiku logulitsa, sindingakulangizeni. Mapuloteni ambiri bakha amawafuna akali wamng'ono, ndipo akamakula amafunika kumachepetseredwa.

Tiyambe ndi zimene zili m'beseni lanu. Madeya a chimanga ali ndi mapuloteni pafupifupi 10 kapena 11 peresenti, ndiko kuti pa kilogalamu imodzi ya madeya, zomanga thupi ndi magalamu 100 kapena kupitirira pang'ono. Chimanga chenichenicho chili ndi 8 kapena 9 peresenti. Mkute ndi ufa womwewo wokhala ndi madzi ambiri, ndipo ngati ndi wa ufa woyera ndiye ukuchepera pamenepo. Madeya a mpunga, amene kwanuko sasowa, amafika cha pa 12 peresenti akakhala abwino, koma nthawi zambiri amabwera osakanikirana ndi mankhusu amene bakha sapindula nawo kanthu, komanso sachedwa kusasa chifukwa ali ndi mafuta. Tikaphatikiza zonsezi, abakha anu akudya chakudya cha mapuloteni ozungulira 10 peresenti.

Nanga amafuna angati? Muyeso umene akatswiri ambiri amayambirapo ndi wa bungwe la National Research Council la ku America, wa mu 1994. Muyesowu umati abakha oyera a mtundu wa Pekin amafuna 22 peresenti m'masabata awiri oyamba, 16 peresenti kuyambira pamenepo mpaka sabata yachisanu ndi chiwiri, ndipo oikira mazira amafuna 15 peresenti. Abakha anuwo ndi a mtundu wa Muscovy. Iwo amakula pang'onopang'ono kuyerekeza ndi a Pekin ndipo amatenga nthawi yaitali kuti akhwime. Wa Pekin wodyetsedwa bwino amafika makilogalamu atatu pa masabata asanu ndi awiri, pamene wa Muscovy amafuna masabata 10 mpaka 12, ndipo achikuda athuwa amapitiriranso. N'chifukwa chake ine ndimalangiza 20 mpaka 22 peresenti m'masabata atatu oyamba, kenako 16 mpaka 18 peresenti kufikira nthawi yogulitsa. Mukaona manambalawa muona kuti anu akhala akulandira theka la zimene thupi lawo limafuna, pa nthawi imene amazifuna koposa.

Masabata oyambawa ndi ofunika chifukwa cha liwiro la kakulidwe. Mwana wa bakha amaswa akulemera pafupifupi magalamu 50. Wa Pekin pofika masabata awiri amakhala atapitirira theka la kilogalamu, ndiko kuti thupi lake lawirikiza kakhumi. Matumbo, chiwindi, mafupa ndi mnofu wa m'miyendo zonse zikumangidwa nthawi imodzi, koma kamimba kake n'kakang'ono. Sangadye madeya ochuluka mokwanira kuti apezemo mapuloteni amene akufuna. Amadya mpaka kukhuta, inu n'kumaona ngati zili bwino, koma thupi likadali ndi njala. Nthenga nazo zimapangidwa ndi mapuloteni pafupifupi zonse, ndiye thupi likaona kuti zomangira zachepa limayamba lasamala za m'kati, nthenga n'kumadikira. Kuchedwa kwa nthenga kumene mwakuonako ndi chizindikiro chodalirika kwambiri. Chikafika poipa abakha a Muscovy amayamba kuzulana nthenga, makamaka akapanikizana m'khola, ndipo akalawa magazi a nthenga zongomera kumene n'kovuta kuwaletsa.

Palinso china chimene alimi amachizindikira tsiku lopha. Bakha wokulira chakudya chamapuloteni ochepa koma champhamvu zambiri, monga chimanga chokhachokha, akhoza kuoneka wonenepa, koma mukamusosola mupeza mafuta okhaokha pansi pa khungu ndi m'mimba, nganga ilibe mnofu. Amadya mopitirira pofunafuna mapuloteni, ndipo mphamvu yotsalayo imasanduka mafuta. Ogula m'tauni amayang'ana nganga.

Tsopano mfundo imene ndikufuna muigwire bwino: kuchuluka kwa mapuloteni sikokwanira pakokha, mtundu wake nawo ndi nkhani. Mapuloteni amapangidwa ndi tizigawo totchedwa ma amino acid, ndipo pa abakha tiwiri timene timaperewera kawirikawiri ndi lysine ndi methionine. Kamodzi kakachepa, tinato ngakhale tichuluke thupi silingatigwiritse ntchito bwino, monga mmene njerwa zingachulukire pamalo koma mitengo ya denga ikaperewera nyumba siitha. Chimanga ndi madeya zili ndi lysine wochepa. Soya ali ndi lysine wambiri koma methionine wochepa. Zotsalira pofinya mafuta a mpendadzuwa zili ndi methionine wabwinoko koma lysine wochepa, ndiponso makoko ambiri. Nsomba zili nazo zonse ziwiri. Ndiye kusakaniza soya ndi kansomba pang'ono kumakulitsa bwino kuposa kudalira chinthu chimodzi chokha, ngakhale pa pepala peresenti ioneke yofanana. Pamenepa inu a kunyanja muli ndi mwayi umene mlimi wa ku Mchinji alibe.

Tibwere kwa mnzanuyo. Chakudya choyambira cha broiler chimakhala ndi mapuloteni 21 mpaka 23 peresenti, ndipo kwa ana a abakha m'masabata atatu oyamba ndi chabwino ndithu. Vuto ndi kupitiriza nacho. Thupi silisunga mapuloteni otsala kuti lidzawagwiritse ntchito mawa. Limawaphwanya, ndipo zotsalira zimatuluka ndi zitosi, mbali yoyera ija. Bakha amamwa madzi ambiri kuti azitulutse, khola limanyowa, fungo loluma m'maso limakwera, ndipo mapazi amachita zilonda. Ndalama zimene mnzanuyo akulipirira mapuloteni owonjezerawo zikuthera m'zitosi.

Mapiko opindikira kunja aja amabwera pa nthawi imene nthenga zazikulu za mapiko zikumera. Nthenga zimenezi zikali zanthete zimakhala zodzaza magazi ndipo zimalemera. Bakha akamakula mothamanga kwambiri, nthenga zimalemera kuposa mphamvu ya kamfundo ka kunsonga kwa phiko, nsongayo n'kupotokera kunja. Chakudya champhamvu mopitirira chimathandizira vutoli, ngakhale kuti mtundu wa makolo nawo umatengapo mbali, komanso kusowa malo oyendayenda. Likaoneka msanga, mafupa asanakhwime, phikolo amalipinda mmene liyenera kukhalira n'kulimanga ndi bandeji mosathina kwa masiku anayi kapena asanu, uku akuchepetsa mphamvu ya chakudya. Mafupa akakhwima palibenso chochita. Bakha wotereyu adyedwe kapena agulitsidwe, nyama yake ilibe vuto, koma asasungidwe kuti akhale wa mbewu.

Ndiye mugule kapena musagule? Pa ana amene adzaswe ulendo wina, ngati mungakwanitse, gulani thumba limodzi la chakudya choyambira. Musaope mtengo wake musanawerenge: mwana wa Pekin amadya pafupifupi kilogalamu imodzi yokha m'masabata awiri oyamba, ndipo wa Muscovy amadya zocheperapo. Thumba la makilogalamu 50 likhoza kufikitsa ana 28 masabata atatu. Chakudya chambiri chimapita m'masabata apambuyo pake, ndipo pamenepo ndi pamene muyenera kusakaniza nokha chotsika mtengo. Pogula werengani chikalata cha pathumba kapena funsani wogulitsa ngati muli mankhwala, chifukwa zakudya zina za broiler amaikamo mankhwala oteteza nkhuku amene sanayesedwere abakha. Ndipo chonde musawapatse ana a abakha chakudya cha nkhuku zoikira mazira. Chili ndi laimu wochuluka kwambiri wopangira zikamba za mazira, amene amaononga impso za chiweto chimene chikali kukula.

Ngati mukufuna kusakaniza nokha kuyambira pachiyambi, n'zotheka. Pa makilogalamu 10 a chakudya choyambira, tengani mgaiwa makilogalamu asanu ndi theka, soya wokazinga ndi kugaya makilogalamu atatu, ufa wa nsomba zouma kilogalamu imodzi, ndi madeya theka la kilogalamu. Soya wokazinga ali ndi mapuloteni pafupifupi 37 peresenti, nsomba zouma zimapitirira 50, ndiye msakanizo umenewu umafika cha pa 22 peresenti. Chakudya chokulira, cha kuyambira sabata yachinayi, chikhale mgaiwa makilogalamu asanu, madeya awiri ndi theka, soya awiri, nsomba theka la kilogalamu. Chimenechi chimafika cha pa 17 peresenti. Pa msakanizo uliwonse wonjezerani laimu wa ziweto magalamu 100, mchere magalamu 30, ndi premix (ufa wa mavitamini wosakaniza kale) motsatira zolembedwa pa paketi, ngati mwaipeza. Yesani pa sikelo, osati ndi mbale, chifukwa mbale ya madeya ndi yopepuka kwambiri poyerekeza ndi mbale ya soya, ndipo muyeso wonse ungasokonekere. Nsomba siziyenera kukhala zodula: zinyenyeswa za usipa ndi bonya zimene zimatsala pansi pa thandala kapena m'matumba a amalonda n'zokwanira, bola zikhale zouma bwino, zopanda mchenga wambiri ndiponso zosathiridwa mankhwala ophera tizilombo. M'masabata awiri omaliza musanagulitse chepetsani kapena siyani nsomba kuti nyama isamveke fungo lake.

Soya wamuwisi musamudyetse. Ali ndi zinthu zimene zimalepheretsa matumbo kugaya mapuloteni, moti bakha wodya soya wosakazinga amapinimbira chikhalirecho chakudya chili ndi mapuloteni ambiri. Mukazingeni pa moto wosalilima, mukuvundula, mpaka makoko ayambe kuthetheka, mkati mufiirire pang'ono ndipo fungo lauwisi lithe. Osamupsereza, chifukwa soya wopserera wataya lysine uja amene mumamufuna. Ena amamuwiritsa kwa theka la ola madzi atabwadamuka, n'kumuyanika mpaka aume gwa, ndipo njira imeneyi imagwiranso.

Za abakha amene muli nawo panopa, chitani motere. Sakanizani chakudya choyambira ndi chokulira theka ndi theka, chimene chimafika pakati pa 19 ndi 20 peresenti, ndipo muwapatse kwa masabata awiri kapena atatu musanapite pa chokulira chokha. Musasinthe tsiku limodzi. Kwa masiku atatu kapena anayi muzionjezera chatsopano pang'onopang'ono m'madeya amene anazolowera, kuti asatsegule m'mimba. Aang'onoang'ono aja apatuleni adyere paokha, chifukwa m'beseni limodzi aakulu ndi amene amakhuta. Koma dziwani kuti kusiyana kwina n'kwachibadwa. Pa abakha a Muscovy aamuna amakula kwambiri kuposa aakazi, akakhwima amatsala pang'ono kuwirikiza kawiri, ndipo kusiyanaku kumayamba kuoneka cha m'masabata omwe mulimowa. Wamkazi wamng'ono koma wachangu, wa nthenga zosalala, alibe vuto. Amene ayenera kukudetsani nkhawa ndi wa fupa la pachifuwa lakuthwa, wa nthenga zonyankhalala, wokhalira kugona pansi.

Tsopano chenjezo limene ndimalibwereza kwa mlimi aliyense wa abakha, ndipo ndikupempha mulitenge ndi mtima wonse: chuku. Ana a abakha ndi ena mwa ziweto zosachedwa kufa ndi poizoni wa chuku wotchedwa aflatoxin, kuposa anapiye a nkhuku. Poizoni ameneyu anadziwika bwino mu 1960, pamene nkhukundembo zazing'ono zoposa 100,000 zinafa ku England zitadya chakudya chokhala ndi zotsalira za mtedza zochokera ku Brazil. Ana a abakha nawo anafa, ndipo pambuyo pake asayansi ankagwiritsa ntchito ana a abakha poyesa ngati chakudya chili ndi poizoniyu, chifukwa iwo amaonetsa msanga. Kwathu kuno chizolowezi chathu ndi chopatsa ziweto chimanga chowola ndi mtedza wosankhidwa kuti sungadyedwe. Alimi ena akamva kuti abakha akufuna mapuloteni amathamangira mtedza woterewu chifukwa ndi wotchipa. Musatero. Umaononga chiwindi, ndipo wochepa chabe umakwanira kuimitsa kukula ngakhale usaphe. Kukazinga kapena kuwiritsa sikuuchotsa. Madeya a kuchigayo nawo amabwera onyowa, choncho ayanikeni tsiku lomwelo mpaka aume, musawasiye m'thumba.

Kunyowetsa chakudya mukuchita bwino, chifukwa bakha amatsamwa ndi ufa wouma ndipo amataya wambiri. Koma muzinyowetsa chimene angamalize pa theka la ola. Chotsala chikakhala padzuwa chimasasa. Madzi akumwa akhale pafupi nthawi zonse pamene akudya, akuya mokwanira kuviikamo mlomo wonse mpaka mphuno.

Abakha oyenda okha amadzipezera mapuloteni ena: chiswe, ziwala, nyongolotsi, nkhono, anamununu a m'madzi ndi tizilombo tina. N'chifukwa chake ana oswa nthawi ya dzinja amakula bwino pa madeya omwewo kuposa oswa m'chilimwe, ndipo n'chifukwa chakenso mlimi amene wayamba kutsekera abakha m'khola amadabwa kuti chakudya chomwe chinkakwanira kale sichikukwaniranso. Mukawatsekera, zonse zimene akanatola zili pa inu. Ngumbi ndi nkhungu za kunyanja zikagwa, zoumitsa zake ndi chakudya chabwino kwambiri cha ana. Masamba monga bonongwe, chisoso, kholowa ndi cham'mwamba apitirizeni, amapereka mavitamini, koma musawawerengere ngati olowa m'malo mwa soya, chifukwa masamba aawisi mbali yaikulu ndi madzi. Pa nkhono ndikupempheni chinthu chimodzi: musatume ana kukatola m'madzi odikha a m'mphepete mwa nyanja kapena m'minda ya mpunga, chifukwa ndi momwe muli likodzo. Mphutsi za pa nyama yowola nazo zipeweni. Zimatenga poizoni amene amalefula khosi ndi miyendo ya bakha, ndipo amapha msanga. Mukapeza chiweto chakufa pafupi ndi khola, kwirirani mozama.

Pali vuto lina limene limaoneka ngati kusowa mapuloteni pamene si choncho. Abakha amafuna vitamini wotchedwa niacin wochuluka kuposa nkhuku, ndipo amene ali m'chimanga thupi lawo silitha kumutenga bwino. Akachepa, miyendo imakhota ngati uta, mfundo za m'mawondo zimatupa, mwanayo amayenda pang'ono n'kukhala pansi. Zimaoneka kwambiri pamene mwakonza mapuloteni ndipo thupi layamba kulemera msanga, choncho m'masabata akubwerawa muziyang'ana miyendo. Premix, nsomba, madeya a mpunga abwino ndi kuwalola kutola tizilombo panja zimathandiza. Mukaona zizindikirozi gulani mavitamini a gulu la B osungunula m'madzi ku sitolo ya zaulimi, ndipo musachedwe, chifukwa fupa likakhota n'kukhwima siliwongoka.

Kuti mudziwe ngati zikuyenda, sankhani abakha asanu, aakulu ndi aang'ono omwe, muwamange kaulusi ka mtundu kumwendo mosathina, ndipo muziwayeza pa sikelo tsiku lomwelo sabata iliyonse, m'mawa asanadye. Lembani m'kope. Maso amanama, makamaka nthenga zikayamba kudzaza. Aliyense ayenera kumakwera sabata ndi sabata.

Ngati padutsa masabata awiri pa chakudya chatsopano koma sikelo siikusuntha, vuto silili pa mapuloteni okha. Zikhoza kukhala njoka za m'mimba, chakudya chachuku, kapena matenda, ndipo apa pitani kwa mlangizi wa ziweto ku EPA yanu (ofesi ya alangizi a zaulimi ya m'dera lanu) kapena ku ofesi ya zaulimi ya boma. Musadikire masabata awiriwo ngati abakha ayamba kufa motsatizana, ngati akutsegula m'mimba zobiriwira kapena zamagazi, akupotokola khosi, akupuma movutika kapena atupa kumaso. Zimenezi si za chakudya, ndipo imfa zambiri zadzidzidzi ziyenera kunenedwa tsiku lomwelo, makamaka kwanuko kumene abakha amakumana ndi mbalame zam'tchire za m'madzi zimene zingabweretse chimfine cha mbalame. Bakha wofa yekha musadye, musagulitse, ndipo musamugwire ndi manja osavala kanthu. Popita kwa mlangizi tengani kope lanu la miyeso ndi chakudya pang'ono m'pepala la pulasitiki louma, ndipo muuzeni kumene munagula madeya, soya ndi nsomba, tsiku limene munasintha chakudya, ndi mankhwala alionse amene mwawapatsa kale.